Mafunso ndi mayankho: mapadi ochapa, kapu ya msambo ndi zimene tinauzidwa kuchinamwali

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikakhala pansi ndi atsikana a sukulu, amayi a m'magulu a banki m'khonde ndi aphunzitsi. Ambiri safunsidwa pagulu. Munthu amadikira ena abalalike, n'kubwera chakumbali akunong'ona, ndipo mayi amayamba ndi mawu akuti "pali mnzanga wina amafuna kudziwa". Tawasonkhanitsa pano kuti mnzanu uja awerenge yekha.

Mukamati zipangizo zokhalitsa mukunena chiyani?

Tikunena zimene mkazi amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi, n'kuzitsuka, mwezi wamawa n'kuzigwiritsanso ntchito. Zodziwika ndi zitatu. Pali mapadi ochapa, osokedwa ndi nsalu zomwa madzi, pansi pake pali nsalu yosadutsa madzi, ndipo ali ndi timapiko ta batani togwira panti. Pali kapu ya msambo, kachikho kofewa kopangidwa ndi silikoni ya kuchipatala, kamene kamalowetsedwa m'njira yoberekera n'kumalandira magazi. Palinso mapanti okhala ndi nsalu zomwa magazi mkati mwake, koma awa amapezeka kwambiri m'tauni ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Mapadi ochapa osokedwa bwino amatha chaka kapena kupitirira. Kapu ikasamalidwa imatha kufika zaka 10.

Si nyanda yomweyi mwangoisintha dzina?

Mbali ina, inde, ndipo palibe chochititsa manyazi. Agogo athu ankang'amba chitenje chakutha, n'kupinda, n'kumangira pa chingwe cha m'chiuno. Nsalu yoyera, youma bwino, sinalakwepo. Chimene padi yochapa yawonjeza n'chakuti sisuntha mukamayenda, sidontha msanga, ndipo sikhula m'ntchafu ngati nyanda yokhuthala. Mtsikana angathe kuimirira kukalemba pa bolodi osayamba wasuzumira kumbuyo kwa yunifolomu.

Funsoli limabwera ndi kachipongwe pang'ono, makamaka kwa atsikana a kusekondale. Kwa iwo padi ya m'sitolo ndi chizindikiro chakuti kwanu kuli bwino, ndipo chochapa ndi cha akumudzi. Manyazi amenewa ndi atsopano, sanachokere kwa makolo, ndipo amavuta kuwachotsa kuposa akale aja.

Nanga mapadi otaya alakwa chiyani?

Ku thupi, padi yabwino yosinthidwa pa nthawi yake ilibe vuto. Mavuto ake ndi ndalama ndi kotayira.

Tawerengerani nokha. Mkazi amasamba pafupifupi maulendo 13 pa chaka, kwa zaka 35 kapena kuposa. Amenewo ndi maulendo oposa 450. Ngati ulendo uliwonse agwiritsa ntchito mapadi 12, ndiye kuti munthu mmodzi ataya mapadi oposa 5,000. Mbali yaikulu ya padi yotaya ndi pulasitiki, ndipo siwola ngati pepala. M'chimbudzi chokumba imadzazitsa dzenje msanga, ndipo opopa zimbudzi amadandaula nayo chifukwa imatseka mapaipi awo. M'chimbudzi chamadzi imatseka suweji. Kuiotcha pamoto wa pakhomo kumatulutsa utsi woipa, komanso padi yonyowa sipsa yonse. Mukadutsa pa mtaya wa zinyalala kuseri kwa hostelo, agalu atafukula, simufunanso wina wokufotokozerani.

Ndalama ikachepa, mtsikana amavala padi imodzi tsiku lonse kuti paketi ikwane, ndipo zotupa ndi kuyabwa zimayambira pamenepo. Ena amakapempha ndalama ya mapadi kwa chibwenzi, ndipo mwamuna wogula mapadi sagula ulere.

Kodi magazi a msambo ndi auve? Amayambitsa matenda?

Ayi. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mkati mwake pokonzekera mimba. Mimba ikapanda kubwera, choyalacho chimayoyoka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Si poizoni, si zoipa zimene thupi likutaya. Kuchuluka kwake nthawi zambiri ndi mamililita 30 mpaka 40 pa msambo wonse, masupuni ochepa chabe, ngakhale pa nsalu amaoneka ambiri. Fungo limabwera magazi akakhalitsa pa nsalu kapena pa padi n'kukumana ndi mpweya.

Chenjezo ndi lomwe lili pa magazi ena onse: angathe kunyamula HIV kapena matenda a chiwindi ngati mwini wake ali nawo. N'chifukwa chake padi yochapa kapena kapu sabwerekana, ngakhale pa chibale.

Ndingayanike bwanji panja? Anthu aona, ndipo akuti wina akaba nsaluyo angandichite chipongwe kuti ndisadzabereke.

Ili ndiye funso lalikulu pa tsamba lonseli, ndipo padi yochapa imapambana kapena kulephera pomwepa.

Ambiri tinalangizidwa kuti nyanda isaonedwe ndi munthu aliyense, makamaka mwamuna, ngakhale bambo wako kapena mlongo wako. Tinauzidwanso kuti magazi ako akagwera m'manja mwa munthu woipa mtima angakhwimire, kapena angakutseke mimba. Ndiye nsalu imachapidwa usiku, n'kuyanikidwa kunsi kwa mphasa, kuseri kwa chitseko, kapena kusomekedwa kudenga la udzu. M'mawa imavalidwa isanaumitse. Nthawi ya dzinja imachita nkhungu. Zikatero kumabwera kuyabwa, chikazi chonunkha, zimene ambiri amangoti mauka, ndipo mlandu umagwera padi: "zochapazi zimadwalitsa". Chadwalitsa ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chabwera ndi kubisa.

Sitikuuzani kuti mawa mukayanike pa chingwe cha pabwalo pamene apongozi akhala. Tikudziwa kuti sizingatheke. Koma dzuwa ndi mphepo zilipo njira zozipezera mwaulemu. Yanikani padi pa chingwe n'kuphimba ndi chitenje chopepuka kapena nsalu yopyapyala, imauma ndithu. Mangani kachingwe m'bafa la udzu lopanda denga, mmene dzuwa limalowa koma maso a odutsa salowa. Ena amapanira padi mkati mwa siketi yoyanikidwa. Ngati mantha anu ndi akuba nsalu, yanikani nthawi imene muli pakhomo, ndipo muanule nokha. Kukachita mitambo masiku angapo, sitani ndi simbi mbali ya nsalu, koma osati mbali yosadutsa madzi ija chifukwa imasungunuka.

Za kutseka mimba, tinene mosabisa: kusabereka kuli ndi zifukwa zimene achipatala amazipeza, monga matenda opatsirana pogonana osachizidwa amene amatseka machubu, zotupa za m'chiberekero, kapena vuto la mbewu ya mwamuna. Nsalu youma padzuwa sili m'gulu limeneli. Koma munthu amene wakula akumva zimenezi sasiya mantha chifukwa cha ndime imodzi, n'chifukwa chake timayamba ndi chitenje chophimba chija.

Kuchapa kwake kumatani?

Mukavula, viikani m'madzi ozizira. Madzi otentha amaumitsa magazi pa nsalu ndipo banga silichokanso. Pakapita mphindi 30 finyani, chapani ndi sopo wamba, tsukuluzani mpaka madzi ayere, kenako yanikani monga tafotokozera pamwambapa. Osathira mankhwala oyeretsa zovala kapena onunkhiritsa, amawononga nsalu ndipo amawotcha khungu. Khalani ndi kabeseni kakekake. Madzi ochapira thirani m'chimbudzi.

Sinthani pakapita maola 4 mpaka 6, msanga kuposa apo pa masiku oyamba. Kuti ina izikhala pa chingwe ina ili pathupi, pamafunika mapadi osachepera anayi kapena asanu. Kupatsa mtsikana padi imodzi yochapa n'kumujambula chithunzi si thandizo.

Kapu ija singasochere m'mimba?

Singasochere. Njira yoberekera si msewu wopita m'mimba. Kumtunda kwake kuli khomo la chiberekero, ndipo kabowo kake ndi kakang'ono kwambiri, kapu singadutse. Nthawi zina imakwera pang'ono, makamaka usiku. Zikatero musachite phuma. Njutani, pumani, kankhani ngati muli kuchimbudzi, ndipo itsika mpaka zala ziifike. Mkodzo uli ndi njira yakeyake, choncho simufunika kuchotsa kapu pokataya madzi.

Kapu si chinthu chadzana. Mayi wina wa ku America, Leona Chalmers, analembetsa yake mu 1937. Chatsopano ndi silikoni, imene ndi yofewa kuposa labala wa nthawi imeneyo.

Mtsikana amene sanadziwe mwamuna angagwiritse ntchito kapu? Sichotsa unamwali? Nanga sikulitsa njira?

Angagwiritse ntchito, ndipo pali makapu ang'onoang'ono opangira atsikana. Koma funsoli lili ndi mafunso awiri mkati, ndipo makolo akalifunsa amafuna yankho la onse.

Loyamba ndi la kachikopa ka pakhomo pa njira. Kachikopa kameneka si chitseko chotseka. Kakanakhala chotseka magazi a msambo sakanatuluka. Ndi kamnofu kopyapyala kozungulira m'mbali, kosiyana munthu ndi munthu, ndipo kamatha kutanuka ndi njinga, masewera kapena kukula kumene. Kapu ingathe kukatanula. Tisaname kuti singatero. Koma unamwali umatha munthu akagonana ndi mwamuna, osati akasamalira msambo wake, ndipo palibe dokotala amene angayang'ane kachikopako n'kulumbira kuti uyu anagonanapo kapena ayi. Atsikana ambiri sataya magazi tsiku loyamba kugonana, ngakhale sanagwiritsepo ntchito kapu.

Lachiwiri amafunsa kwambiri ndi amayi apabanja, ndipo kumbuyo kwake kuli mantha akuti bambo adandaula. Njira yoberekera ndi minofu yotanuka n'kubwerera. Imadutsa mutu wa mwana. Kachikho kopindidwa, konenepa ngati zala ziwiri, sikangaisinthe.

Ngakhale zili choncho, mtsikana amene sakufuna asakakamizidwe. Ngati iye kapena amayi ake mtima sukuwalola, mapadi ochapa alipo, ndipo kapu adzaiganizira akadzakula. Mabungwe ena amalakwitsa apa: amagawa makapu kusukulu makolo osadziwa, mwana n'kukafika nayo kunyumba, ndipo mphekesera imabuka yakuti akufuna ana asadzabereke kapena akuwaphunzitsa uhule. Mphekesera yotere ikayamba, ngakhale mapadi amakanidwa.

Imaikidwa bwanji, ndipo imatsukidwa bwanji?

Sambani m'manja ndi sopo. Pindani kapu pakati kuti kukamwa kwake kuchepe, njutani kapena ikani mwendo umodzi pamwamba, n'kulowetsa molozetsa kumsana, osati molunjika m'mwamba. Ikalowa imatambasuka n'kugwira m'mbali. Ikakhala bwino simuimva. Pochotsa musakoke kamchira kokha. Tsinani kunsi kwa kapu kuti mpweya ulowe, ndiye muitulutse pang'onopang'ono. Khuthulani m'chimbudzi, tsukani ndi madzi oyera, bwezerani. Isapitirire maola 12 ili mkati, ndipo masiku amene magazi achuluka muzikhuthula pafupipafupi. Pa chimbudzi chokumba igwireni zolimba, kapena chotserani pambali pa dzenje, chifukwa ikagwa yapita.

Msambo ukatha iwiritseni kwa mphindi 5 mpaka 10. Apa pamabuka nkhani ya poto, pakuti palibe amene angalole kuti iwire m'poto wa ndiwo. Pezani chitini chotsuka bwino kapena kapoto kakekake, madzi akhale ambiri kuti kapu isakhudze pansi n'kupserera. Sungani m'kathumba ka nsalu, osati m'pulasitiki yomanga.

Mwezi woyamba ngovuta pafupifupi kwa aliyense. Ambiri amazolowera pa mwezi wachiwiri kapena wachitatu, makamaka akakhala ndi mnzawo amene anayamba kale woti n'kumufunsa.

Ndi yotetezeka? Ndili ndi lupu, ndingagwiritse ntchito?

Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet Public Health inasindikiza kuunika kwa kafukufuku 43 wochokera m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti kapu sidontha kuposa mapadi, siwonjezera matenda a kumaliseche, ndipo amayi pafupifupi 7 mwa 10 alionse amene anaiyesa anafuna kupitiriza. Kafukufuku wina wa m'masukulu 30 a pulaimale kumadzulo kwa Kenya anapezanso kuti atsikana amene anagwiritsa ntchito kapu kwa nthawi yaitali sankadwala kwambiri matenda a chikazi chonunkha poyerekeza ndi anzawo.

Zoopsa zilipo ziwiri, zonse zosachitikachitika. Kapu ingathe kukoka lupu, makamaka mukaichotsa osayamba mwalowetsa mpweya, choncho kambiranani kaye ndi anamwino a kulera. Chachiwiri ndi matenda otchedwa toxic shock syndrome, amene amayamba mwadzidzidzi ndi kutentha thupi kwambiri, kusanza, chizungulire ndi zidzolo. Mukamva zotere chotsani kapu ndipo thamangirani kuchipatala. Mayi amene wangobereka kumene asagwiritse ntchito kapu mpaka achipatala atamuuza kuti wachira.

Nanga za mchere, tsempho ndi kanyera? Mukuti tisiye miyambo yathu?

Sitinatero. Tiyeni tiisanthule umodziumodzi, chifukwa si yonse yofanana.

Mkazi akakhala kumwezi, m'mabanja ambiri sathira mchere m'ndiwo. Amaitana kamwana kuti kathire, poopa kuti odya angatupe kapena kudwala tsempho. Mwa chipatala, dzanja la mkazi wosamba silisintha mchere. Kutupa kwa mwana kumene kumatchedwa tsempho nthawi zambiri ndi kunyentchera, ndipo kumafuna chipatala msanga. Mwambo wa mcherewo pawokha suvulaza munthu. Umavulaza pamene mwana watupa, anthu n'kumaloza mayi chala m'malo monyamula mwanayo.

Mikanda ndi nkhani ina. Mkazi ankapachika mkanda wofiira kuchipinda kuti mwamuna adziwe, ukatha n'kupachika woyera. Taonani nzeru yake: makolo anapeza njira yakuti mwamuna ndi mkazi auzane za msambo popanda kuchita manyazi. Amene amati chikhalidwe chathu chimaletsa mwamuna kudziwa za msambo aiwala mkanda. Kanyera nayenso, kaya mumamukhulupirira kaya ayi, ankapatsa mkazi masiku opuma.

Imene tikulimbana nayo ndi itatu: kubisa nsalu mpaka kuivala yonyowa, kusamuuza mwana kanthu mpaka ataona magazi, ndi kuganiza kuti kutha msinkhu ndi chilolezo cha ukwati. Chachitatuchi ngakhale lamulo linachikana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo.

Anankungwi si adani pa nkhaniyi. Mtsikana amamvera nankungwi kuposa mlendo wobwera pa galimoto ya bungwe. Nankungwi akagwira padi yochapa m'manja, n'kunena yekha kutsimba kuti "iyi uziyanika padzuwa, uziphimba ndi chitenje", nkhani yatha. Akadumphidwa, mawu ake ndi amene adzapambane, ndipo adzakhala otsutsa.

Mwana ndimuuze liti? Kwathu mayi sauza mwana wake zimenezi.

Asanayambe. Atsikana ambiri amatha msinkhu pakati pa zaka 10 ndi 15, ena pa zaka 9. Mabere akayamba kumera, dziwani kuti msambo ungabwere m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wosauzidwa akaona magazi amaganiza kuti wavulala kapena walodzedwa, ena amabisa masiku angapo akuopa kukalipidwa.

Ngati mwambo wanu sulola kuti mumuuze nokha, tumani azakhali ake, agogo ake kapena mlangizi wa kumpingo, koma muwatume msanga, ndipo mumve zimene akamuuze. Malangizo akale ambiri ankangoti "wakula, usasewere ndi anyamata" osafotokoza kuti magaziwo akuchokera kuti, adzabweranso liti, ndipo m'mimba mukapweteka achite chiyani. Phunziro la Life Skills kusukulu limakhudzako za kutha msinkhu, koma mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi, anyamata akuseka kumbuyo, sangaonetse kapindidwe ka padi.

Anyamata ndi abambo zikuwakhudza bwanji?

Funsani mtsikana chimene amaopa kwambiri kusukulu. Sanena kupweteka kwa m'mimba. Amanena za tsiku limene adzadetse yunifolomu anyamata n'kumukuwiza. Mnyamata amene anafotokozeredwa bwinobwino, ndi mphunzitsi wamwamuna amene sakuchita nazo nthabwala, kawirikawiri amasiya. Sachita kufuna phunziro lalitali.

Abambo ndiye agwira chikwama m'mabanja ambiri. Sopo wochapira mapadi, ndowa yapadera, nsalu yosokera, zonse zimadutsa kwa iwo. Bambo sakufunika kuona padi ya mwana wake. Angodziwa kuti mayi akati "mwana akufuna sopo" safunsa kuti wathera chiyani wa sabata yatha.

Kusukulu mtsikana asinthira kuti, ndipo yovulayo aiika pati?

Apinde padi mbali ya magazi ikhale mkati, atseke batani, aike m'kathumba kosadontha, akachape kunyumba. Zimenezi n'zosavuta ngati pali chimbudzi cha chitseko ndi madzi pafupi. Masukulu ena ali ndi chipinda chosinthira atsikana, ndipo amayi a mother group ndi amene amasoka mapadi, kusunga sopo ndi chitenje chobwereka wina zikamuonekera. Kumene gululi lili lamphamvu zinthu zimayenda. Kumene chipinda chinamangidwa koma kiyi amasunga mphunzitsi wamwamuna ku ofesi, palibe mtsikana amene amapitako.

Tisakokomeze. Kafukufuku wa ku Kenya tamutchula uja sanapeze kuti kapu kapena mapadi paokha anachepetsa kusiya sukulu. Mtsikana amajomba pa zifukwa zambiri: ululu wopanda mankhwala, njala, mtunda, fizi, mimba. Padi imachotsa chimodzi.

Kwathu madzi ndi ovuta. Zochapazi zingatheke?

Apa tiyankhe moona. Ngati mjigo uli kutali ndipo ndowa imodzi ndi ya banja lonse, mapadi ochapa ndi mtolo. Kapu imafuna madzi ochepa kwambiri, botolo limodzi limakwana kusamba m'manja ndi kutsuka, ndiye kumalo ouma imaposa mapadi ngati munthu waivomera. Pa nthawi ya ngozi, monga m'misasa ya anthu othawa namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene mabanja ambiri ankagona m'kalasi imodzi mvula ikugwa, kunalibe poyanika pobisika, ndipo mapadi otaya ndi amene anali oyenera. Kusakaniza si kulephera: ochapa kunyumba, otaya paulendo kapena pa mayeso.

Boma likuchitapo chiyani?

Mu bajeti ya 2022/23, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Sosten Gwengwe, inalengeza kuchotsa msonkho wolowetsera mapadi m'dziko, kuyambira Epulo 2022. Chimwemwe sichinakhalitse m'thumba, chifukwa kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja anakwera. Kenya inachotsa msonkho wa VAT pa mapadi kale mu 2004. Scotland inakhazikitsa lamulo mu 2020 lakuti zipangizo za msambo zizipezeka mwaulere kwa aliyense wozifuna. Ku Zambia lamulo la ntchito limapatsa mkazi tsiku limodzi lopuma pa mwezi, limene amalitcha Mother's Day, osafunika kalata ya dokotala.

Pa 28 Meyi chaka chilichonse, kuyambira 2014, mayiko amakumbukira tsiku la ukhondo wa msambo. Anasankha 28 chifukwa cha masiku a mwezi wa mkazi, ndipo Meyi, mwezi wachisanu, chifukwa cha masiku asanu amene ambiri amasamba.

Ndi liti pamene vuto si padi, koma ndiyenera kupita kuchipatala?

Pitani ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati padi ikudzaza pa ola limodzi kapena awiri motsatizana, ngati mukutuluka zibuma zikuluzikulu za magazi, kapena ngati mukumva chizungulire ndi kufooka, zimene zingasonyeze kuchepa kwa magazi. Pitani ngati ululu ukukugonetsani mwezi uliwonse ngakhale mutamwa mankhwala opha ululu, ngati mukutaya magazi pakati pa mwezi kapena mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, komanso ngati magazi abweranso mutasiya kale kusamba. Ziwiri zomalizazi musazengereze nazo, chifukwa khansa ya khomo la chiberekero ndi yofala kwambiri m'Malawi ndipo kuyezetsa m'zipatala za boma ndi kwaulere. Mtsikana amene wafika zaka 15 kapena 16 asanayambe kusamba nayenso akaonedwe.

Kapu ili ndi phindu lina apa: yambiri ili ndi timizere ta mamililita m'mbali. Mukamalemba zimene mwakhuthula tsiku lililonse, n'kupeza kuti msambo wonse ukupitirira mamililita 80, tengani kapepalako mukawaonetse anamwino.